Mtengo Wotentha M'manja mwa Adada

Dzulo pa boma ndinakhalila mpando wakale wa msana wopindika, wolimbabe, ndipo fungo la mtengo wophika linandibwelela m'mphuno.

Adada anali kupanga mipando yotele kwathu ku Magodi. Anali kusanjika mitengo yowonda pa dilamu la madzi owila, n'kuvundikila ndi masaka kuti nthunzi iifewetse. Mtengo ukafewa, anali kuupinda ukali wotentha mozungulila wilo lakale la ngolo, n'kuumanga ndi malegeni odula ku machubu a matayala. Ukautaya usanamange, umafwamphuka ngati msampha.

Tsiku lina amama popita kudimba anandisiyila mlongo wanga wakhanda. Adada ali pakati popinda, mwanayo anakwawa n'kukatsamila mtsuko wa madzi pafupi penipeni ndi nsonga ya mtengo. Legeni limene anali atamanga linaduka, ndipo sanza zogwilila mtengo wotenthawo zinagwa pansi. Adada anaugwila ndi manja okhaokha.

"Iwe," anatelo adada motsitsa mawu, "nyamula mwana. Luwilo!"

Ine ndinangoima n'kumayang'ana. Ndinaona nthunzi ikutuluka pakati pa zala zawo. Mwana anali kuseka, akutambasula dzanja kuti agwile mtengo.

"Manja anga akupsa, mwana wanga. Nyamula."

Ndinamukoka mwendo mlongo wangayo, tonse n'kugwela m'fumbi. Pomwepo mtengo unafwamphuka, phwaa! Mtsuko umene mwana anatsamila unasweka pakati.

Adada anagwada, zikhatho zitayela ndi matuza. Sanaziyang'ane n'komwe. Anali kusisita mutu wa mwana ndi kuseli kwa dzanja, madzi a mumtsuko akutinyowetsa maondo.