Duwa Losunga Aphunzitsi Pakhomo

Mumsewu wachitatu kuchokera kudoko, kumene malata amachita dzimbiri chaka chisanathe chifukwa cha mphepo yamchere, muli geti lobiriwira lomwe limakhala lokhoma tsiku lonse. Wofuna kusoketsa amagogoda ndi kamwala n'kudikira. Makina amasiya kulira, patapata amamveka akubwera, kenaka mayi wina wamfupi amasolola kiyi m'khosi, momwe amamupachika ndi chingwe cha nsapato. Awa ndiwo a Telala.

Asoka zovala m'nyumba imeneyi zaka zoposa makumi awiri. Amuna awo ankanyamula katundu padoko, ndipo atamwalira anawasiyira mwana mmodzi wamkazi, makina osokera, ndi duwa la rozi. Duwalo bambowo anabwera nalo m'chitini cha penti, kali kanthambi konga pensulo, atapatsidwa ndi wophika wa m'sitima ina. Anthu anawaseka. Mumchenga muno, ndi mphepo ino, rozi? Koma iwo anakumba dzenje lofika m'mawondo pakona ya bwalo, nachotsa mchenga wonse, nathiramo dothi lakuda lomwe anatuta panjinga masiku atatu.

Bwalolo ndi laling'ono: ukaponda kasanu ndi kamodzi wagunda khoma. Duwalo nalo linakula modziwa malo ake. Silinapyole m'chiuno, linangoti bii ngati dengu lovundikira, maluwa ake ofiirira motuwa, koma fungo lake m'mawa limadzaza bwalo mpaka kulowa m'nsalu za makasitomala. Madzi a pachitsime cha kumeneko ndi amchere, choncho a Telala amasunga a mvula mumgolo wa pansi pa denga. Mphepo ya kunyanja ikaomba, amatsuka masamba limodzilimodzi ndi kapu, chifukwa mchere ukagonapo tsamba limapsa m'mbali ngati lawauka ndi moto.

Geti linayamba kukhomedwa zaka zinayi zapitazo, pamene anabwera akulu awo. Mayiwa anaphunzitsa kusukulu ya pulayimale moyo wawo wonse, ndipo aliyense amawatchulabe Aphunzitsi. Mutu unayamba kuwathawa pang'onopang'ono, mpaka anaiwala kuti anapuma ntchito. M'mawa uliwonse amavala nsapato, n'kupita pageti. "Nditsegulire iwe mwana, ana akundidikira." Tsiku lina kasitomala anasiya geti lotsegula. Anakawapeza patadutsa maola awiri ali m'nyanja, madzi ali m'chiuno, akuti sukulu ili tsidya lija. Amake Mapasa, oyandikana nawo nyumba, ndiwo anawavuula, ndipo chipsera cha mano a Aphunzitsi chikadali padzanja pawo.

Kuyambira pamenepo a Telala sanapondenso m'tchalitchi. Lamulungu belu likalira amaimitsa makina, n'kuimba nyimbo chapansipansi atakhala pampando wosokera. Kumsika amatuma. Maliro a anzawo amangowamva kuseri kwa khoma. Sadandaula pa anthu. Amati Mulungu anawapatsa mkulu mmodzi yekha, yemwe anawabereka kumbuyo ali khanda.

Chinthu chimodzi anachitulukira okha. Duwa likamasula, Aphunzitsi sayandikira geti. Amakoka kampando, n'kukhala pamaso pa chitsambacho atanyamula kandodo, n'kumaitana maluwa ngati ana a m'kalasi. "Iwe wakumbuyoko, wachedwa. Iwe, pukuta kumaso." Amakhala choncho tsiku lonse, akununkhiza, akulangiza, nthawi zina akuseka. Koma maluwa akayoyoka, geti limagwedezeka kuyambira m'mawa mpaka loko kutentha.

A Telala anaphunziranso kuti akadulira nthambi pamwamba pa tsamba lolimba, n'kuthira manyowa ndi madzi a mumgolo, maluwa atsopano amabwera pakatha masabata asanu ndi limodzi. Ndiye mwana wawo, yemwe anakwatiwa kumtunda, ulendo wa maola atatu pabasi, atawauza mwezi womwe akuyembekezera kuchira, iwo anapita pakalendala ndi choko chosokera. Anawerenga chobwerera m'mbuyo, nadulira duwa pa tsiku lake. Mdzukulu woyamba anabadwa, wamkazi. Iwo anafuna tsiku limodzi lokha: kunyamuka m'mawa, kumufukata mwanayo, kubwerera dzuwa lisanalowe.

Anakapempha Amake Mapasa kudzera pamwamba pa khoma.

"Anzanga, Loweruka likubwerali mungandikhalireko ndi achemwali?"

"Kodi mukufuna andimalize dzanja linali?" anatero Amake Mapasa akuonetsa chipsera. "Ili ndinapereka kale chakhumi."

"Duwa likhala litamasula. Simudzavutika, mudzangowapatsa tiyi."

"Likamasula, pitani ndithu, mukaone mdzukulu, agogo inu. Koma mundimvetse. Chitsamba chikakhala chopanda kanthu, ine ayi. Miyendo yangayi yothamangitsa munthu inatha kale."

Lachitatu masana kunja kunada chakunyanja, mphepo inayamba kuliza malata. A Telala anasiya diresi la mwini lili pamakina. Anatulutsa ukonde wakale womwe anapempha kwa msodzi, naupinda kawiri, naumangirira pamitengo iwiri kumbali yochokera mphepo. Chinsalu chotchinga kotheratu sichithandiza, mphepo imangochilumpha n'kugwera paduwa pomwepo. Ukonde ndiwo umaithyola mphamvu. Inaomba masiku awiri. Iwo ankatuluka katatu patsiku ndi kapu, kutsuka masamba ndi timitu ta maluwa, milomo ikuyenda ndi pemphero. Madzi a mumgolo anatsika mpaka kapu inayamba kukanda pansi.

Lachisanu kunacha bata. Masamba a m'mbali anali atapsa, koma timitu khumi ndi tinayi tinapulumuka, tonenepa, nsonga zitayamba kuonetsa kufiira. Aphunzitsi anali atakoka kale kampando kawo.

"Mawa mubwere mutasamba nonse," anawauza timituto.

Mtima wa a Telala unapepuka kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi, ndipo chimwemwe chinawamasula pakamwa. Madzulo akusita kadiresi koyera komwe anasokera khandalo, anakaonetsa kwa akulu awo.

"Achemwali, taonani. Mwana wanu uja wachira, kwabadwa kamtsikana. Mawa ndikukakaona."

Aphunzitsi anakagwira kadiresiko, nakatembenuza, nayang'ana msoko ngati akuchonga kope. "Wasoka bwino. Nanga mphatso yanga ine ili kuti?"

"Iyi ndi ya tonse awiri."

"Iwe mwana, unayamba liti kundiperekera mphatso?"

A Telala anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Loweruka anadzuka m'mamawa, nawaveka akulu awo, nawapatsa tiyi, nawakhazika pakampando pafupi ndi duwa. Timitu titatu tinali titayamba kumasula, fungo likumveka kale. Anathokoza Mulungu, nalowa kukasamba. Anavala diresi lawo la buluu lomwe linakhala m'sutikesi chimwalirire amuna awo, ndi nsapato zomwe zinawathina chifukwa mapazi anazolowera patapata.

Potuluka anapeza Aphunzitsi ataima pakhomo, nkhope ikuwala, m'dzanja limodzi muli sizasi ya pamakina, m'dzanja lina kampango komanga mfundo.

"Kwa mwana sapita chimanjamanja. Tenga. Ukamuuze kuti zachokera kwa agogo ake aakulu."

A Telala anamasula mfundoyo. Timitu tonse khumi ndi tinayi tinali momwemo, todulidwa pakhosi penipeni, popanda ndi kaphesi komwe koti n'kuviika m'madzi. Anayang'ana kukona. Chitsamba chinali chilili ndi masamba ake opsa m'mbali, nsonga zili mbee.

M'zaka zinayi zonsezi, aka kanali koyamba kuti akulu awo agone ndi nkhani n'kudzuka nayo.

"Zikomo, achemwali," anatero. "Akondwa kwambiri."

Kamwala kanagogoda pageti. Anali Amake Mapasa, atanyamula zoluka zawo m'jumbo.

"Agogo atchena! Kodi mukukaona mdzukulu kapena mukukafuna banja?" Kenaka maso awo anagwera pachitsamba, kuseka n'kuzima. Anayang'ana kampango, nayang'ana sizasi. "Mayo ine."

"Musavutike, anzanga. Munanena kale."

"Mwina ndiyesere mpaka masana..."

"Basi yobwerera imafika madzulo. Mungathe?"

Amake Mapasa anasisita chipsera chawo. A Telala sanawakakamize. Anakulunga kadiresi m'pepala, naika kampango ka timitu pamwamba, nalemba dzina la mwana wawo ndi nambala ya foni.

"Mungondithamangirako kudepoti. Mukampatse kondakitala wa basi ya kumtunda, ndimuimbira mwana wanga kuti akalandire."

Atakhoma geti anabweza kiyi m'khosi. Anavula nsapato zothina zija, naziika pansi pa bedi. Foni anaimba ali chiimire m'khitchini, ndipo mwana wawo atayamba kulira iwo anati, "Usalire, mkaka ungaphwe. Tamuyandikiza pafonipo ndimve mawu ake." Anamva kakhanda kakudandaula chapatali, ngati kamphaka. Anatseka maso mpaka foni inaduka.

Kenaka anatenga sizasi, nagwada pachitsamba ndi diresi la buluu lomwelo. Nthambi iliyonse yomwe akulu awo anaidula pakhosi, iwo anaidulanso bwino, pamwamba pa tsamba lolimba. Anapendeketsa mgolo, nakokolola madzi otsala, nathira patsinde. Pakalendala anawerenga masabata asanu ndi limodzi, nazunguliza tsikulo ndi choko. Mdzukuluyo adzakhala atayamba kumwetulira.

Kunja loko anayamba kulira. Aphunzitsi anali atavala nsapato, manja onse awiri ali pageti.

"Nditsegulire iwe mwana, ana akundidikira."

"Lero n'Loweruka, achemwali. Sukulu kulibe."

"Ukunama. Nanga watcheneranji?"

A Telala anadziyang'ana, nalowa m'nyumba kukavula diresilo.