Pulogalamu Yosaiwala

Dzina loti Zikagwa anamupatsa ndi makasitomala ake omwe. Munthu akangokhala pampando muofesi mwake, moni asanathe n'komwe, iye amakhala atafunsa kale kuti, "Nanga zikagwa mudzatani?" Ndi funso limeneli wagulitsa inshuwalansi ya galimoto, ya nyumba ndi ya maliro kwa zaka makumi awiri, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala, momwe fani imazungulira ngati yochita kukakamizidwa.

Pakamwa anali napo ndithu, koma mutu wa bizinesiyo anali alamu ake, akazi a malemu mkulu wake. Mayiwa ankakhala pafupi ndi chitseko, makadi a makasitomala ali m'mabokosi asanu ndi limodzi a nsapato. Ankadziwa yemwe inshuwalansi yake ikutha Lachinayi, yemwe sayankha foni asanamwe tiyi, ndi yemwe adasintha mkazi koma osasintha dzina la wodzalandira chipukuta misozi. Zikagwa ankanyadira kwa anzake kuti kompyuta yake imavala magalasi.

Kenako kampani yomwe amaigulitsira inshuwalansi inalamula maejenti onse kuti azisunga makasitomala pakompyuta. Atafunsafunsa, anatsala ndi mapulogalamu awiri. Yoyamba inkangosunga mayina ndi masiku, n'kumafunabe munthu woimba mafoni. Yachiwiri inkatumiza yokha mauthenga okumbutsa, n'kukonza yokha nthawi yokumana ndi kasitomala. Chomwe sinkatha ndi kusesa basi. Akatenga yachiwiriyo, mpando wa pachitseko uja ukhala wopanda ntchito. Zikagwa, munthu wolimba mtima pa matsoka a anzake, analephera kusankha yekha. Anapempha alamu kuti ayese onse awiri kwa milungu iwiri, n'cholinga choti chigamulo chidzatuluke pakamwa pawo, iye manja ali oyera.

Komatu manja akewo sanali oyera. Chaka chathachi inshuwalansi ya woyendetsa takisi wina inatha osakumbutsidwa, ndipo patangopita masiku atatu galimoto yake inawombana ndi lole. Wa takisiyo anakwera masitepe kudzafunsa kuti bwanji sanamuuze. Zikagwa anatembenuka n'kuyang'ana alamu. Sananene kanthu, anangowayang'ana basi, ndipo mayiwo anapepesa. Sabata yomweyo, akupereka jekete kochapitsa, anapeza kapepala m'thumba, kolembedwa ndi alamu: muimbireni wa takisi lero, ine sakundiyankha. Anakang'amba n'kukataya m'ngalande. Ankati anena mawa, koma mawa la munthu wamanyazi silifika.

Milungu iwiri ija inamuwawa kwambiri. Ankawaona alamu akujompha kiyibodi ndi chala chimodzi, akuwerenga dzina lililonse katatu asanalilembe, pomwe kale ankatchula nambala za foni osayang'ana khadi. Chikumbumtima chinamupangitsa zachilendo. Anawagulira mpando wa matayala, anayamba kutsuka yekha makapu, mpaka mkazi wake kunyumba anamufunsa ngati wadwala. Alamu anangoseka, amvekere munthu akayamba kutsuka makapu ndiye kuti pali chomwe waswa. Iye anasekanso nawo.

Tsiku lomaliza, chakumasana, alamu anatembenuza kompyuta kuti iye aone.

"Tengani yachiwiriyi, alamu."

Zikagwa anayesa kuzemba. Anati yoyambayo ndi yosavuta, makasitomala achikulire amakonda mawu a munthu, ndiponso palibe chothamangira.

"Musandimvere chisoni. Iyi siiwala. Ine mutuwu wayamba kundithawa."

Ndiye anafotokoza, modekha ngati akuwerenga khadi la munthu wina. Chichitikireni za wa takisi uja, sankadzikhulupiriranso. Ankakumbukira bwinobwino akulemba kapepala, cholembera chake chofiira ankachiona m'maso, koma poti kapepalako sikanaoneke, anaganiza kuti mutu wayamba kupeka zinthu. Kuchipatala anapitako kawiri kuti akawayeze. Dokotala sanapeze kanthu, iwo sanamukhulupirire. M'mawa ankabwerera kunyumba atafika kale pa siteji ya basi, kukaona ngati atseka pakhomo. Mwana wawo wamkazi akafuna kuwasiyira khanda, ankakana, kuopa kuti angaiwale mankhwala kapena kulisiya pafupi ndi moto. Anamaliza ndi kunena kuti alemba makadi onse mukompyutamo, kenako akapume asanapweteketse munthu wina.

Zikagwa anachita manyazi omwe sanawamvepo chibadwire. Pansi amakanika ankagogoda limu ya tayala, ndipo iye analakalaka phokosolo litakula kuti mawu ake asamveke.

"Kapepala kaja munalemba, alamu. Ndinakapeza m'jekete mwanga."

Mayiwo anangofunsa mawu amodzi.

"Liti?"

"Sabata yomweyo."

Anayembekezera kukalipidwa, ndipo akanakondwa kukalipidwa. Anayamba kulonjeza kuti atenga pulogalamu yoyamba ija, kuti ntchito yawo ilipo mpaka kalekale, kuti apita yekha kwa wa takisi kukanena zoona. Alamu sanamuyang'ane. Anatseka bokosi lomwe linali pamiyendo pawo, anatenga chikwama, n'kuima pachitseko.

"Pulogalamuyo musankhe nokha," anatero. "Mdzukulu wanga wayamba kuyenda, alamu. Sindinagone naye ndi tsiku limodzi lomwe."