Dovu la Amigo silinali la chiwewe

Chinayamba ndi fungo. Amigo ndi kagalu kaubweya wambiri kamene malemu amuna anga anabwera nako kuchokera ku Tete akuyendetsa thiraki. Kakayasamula pafupi nane ndinkatembenuza nkhope, n'kumati ndi mmene agalu alili. Pofika nyengo yozizira kanayamba kukana fupa, kenako kutuluka dovu losakanikirana ndi magazi. Ndikakagwira patsaya kankandilusira.

Anzanga oyandikana nawo kuno ku boma sanachedwe kugamula kuti ndi chiwewe. Bambo wina anachita kubwera ndi chibonga. "Mayi, pano pali ana. Mukachedwa tikapha tokha." Sindinawaimbe mlandu, mantha awo anali omveka. Koma mtima unandiwawa, chifukwa chamoyo chimene amuna anga anandisiyira m'nyumba muno ndi komweka.

Ndinakaika m'katoni n'kupita kwa alangizi a ziweto. Atatsimikiza kuti katemera kanabayidwa ndipo madzi kakumwa bwinobwino, anavala magolovesi n'kukakweza mlomo. "Si chiwewe ichi amayi, ndi mano awola. Tiagalu totere mano ake amathithikana, zakudya zimatsalira." Ananditumiza ku chipatala cha ziweto ku Blantyre.

Ndinayenda pa minibasi katoni ili pamiyendo, Amigo asanadye kanthu monga anandilangizira. Kumeneko anayamba ndi kuyeza magazi, kenako anakagoneka ndi mankhwala n'kuika diripu pa kamwendo konga chala changa. Ndinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Adokotala atatuluka anandionetsa chithunzi cha ekisire: timizu ta mano tonga mpunga, tina titadyeka mpaka pafupa. Ine amene dzino langa linazulidwa osajambulidwa n'komwe, ndinangoti kukamwa yasa. Mano owola anazula, otsala anapala ndi kamakina, nkhama n'kusoka ndi ulusi wosungunuka wokha. Sindinkadziwa kuti manja a munthu angasamale chotero kamwa ya galu.

Masiku oyamba kankangonyambita phala, mankhwala ndikubisa momwemo. Dovu linaleka, fungo linatha. Lero kakudya bwino, ndipo ndimakatsuka mano ndi mswachi ndi mankhwala a agalu, anthu akundiseka.

Galu wanu akayamba kununkha m'kamwa, pitani naye msanga, musadikire dovu. Mukaona dovu musamugwire m'kamwa, itanani alangizi. Bambo a chibonga aja akamadutsa masiku ano, Amigo amawathamangira akugwedeza mchira. Iwo amawerama n'kumusisita.