Manja Kumbuyo, a Kochi

Tsiku limene ankatuluka kundende, palibe ndi mmodzi yemwe anabwera kudzamuchingamira. Anaima panja pa geti ndi kajumbo ka pulasitiki, mkati muli malaya awiri ndi mswachi. Mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi getipo anamuyang'ana kamodzi, n'kukokera dengu lake kufupi ndi miyendo.

Inu amene mukuti moyo wakukanani, takhalani pansi mumve za mayi ameneyu.

Anthu ankamutcha Nyundo. Dzinali analitenga pabwalo la mpira wamanja, chifukwa akaponya mpira, wowakhayo ankamva kuwawa m'zikhatho mpaka mawa lake. Kusewera ankatha, zimenezo palibe angatsutse. Koma mtima wake, abale, unali wapachala. Pa masewero ena aakulu woyimbira anamuimbira wezulo pomwe iye sanalakwe, Nyundo n'kumuponyera chibakera. Chimodzi chokha. Mayi woyimbirayo anagwa chagada n'kumenyetsa mutu pasimenti, ndipo khutu lake lakumanzere silinamvenso. Nyundo anakakhala kundende zaka zitatu.

Atatuluka anafikira kwa achemwali ake, telala wosoka pakhonde la sitolo. Alamu ake sanabise mawu.

"Akhale," anawauza akazi awo, "koma ana anga asamatsale naye okha m'nyumba muno."

Nyundo anamva zonsezi ali kuseri kwa chitseko. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chakuti sakanatha kuwatsutsa. Iyenso ankadziopa. Mwana akangotaya tiyi pamphasa, ankamva kutentha kukuchokera m'mimba kukwera mpaka m'khosi, zala n'kuyamba kudzipinda zokha. Ankathawira panja. Manja akewo ankawaopa ngati galu wolusa womangidwa ndi chingwe chofumbwa.

Ntchito anafunafuna mpaka nsapato zinatha. Kulikonse ankangoti, "Tidzakuyitanani," ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake. Mapeto ake ankangokhala pafupi ndi makina a achemwali ake, kudula ulusi ndi kusokerera mabatani.

Kuseri kwa sitoloyo kunali kabwalo kafumbi komwe atsikana ankasewera ndi mpira wokulunga ndi majumbo. Kusewera kwake kunali kwa dzina chabe. Mphindi zisanu mpira, mphindi khumi kutukwanana. Tsiku lina awiri anagwirana tsitsi mpaka wina kutuluka kamfuno. Nyundo anadzuka. Poopa kuti angakhudze mwana wa eni, anapinda manja kumbuyo, monga ankaimira kundende akamawerengedwa m'mawa, n'kukaima pakati pa anawo.

"Amene akufuna kudziwa kuponya mpira weniweni," anatero, "achite ngati ine."

Anawo anaseka kaye. Kenako mmodzimmodzi anapinda manja kumbuyo. Ndewu inathera pomwepo, chifukwa munthu sungakoke tsitsi la mnzako manja ali kumsana.

Lamulo lake linakhala limenelo, ndipo linali limodzi lokha. Wezulo ikalira, kaya walakwa kaya walakwiridwa, manja kumbuyo. Upume katatu. Ukatha kupuma, yankhula dandaulo lako ndi pakamwa. Wolephera ankakhala panja kuonerera anzake, ngakhale akhale wogoletsa zigoli zonse.

Atsikana asanu ndi awiri anasanduka makumi atatu. Achemwali ake anawasokera mayunifolomu a zigamba, ofiira kutsogolo, obiriwira kumbuyo, moti anthu ankawanena kuti timu ya mapapaya. Wosapita kusukulu sankaloledwa kugwira mpira, choncho ena amene anasiya kalekale anabwerera m'kalasi. Nyundo analembetsa kabungwe kake kothandiza ana, n'kupita kukapempha bwalo la pasukulu yapafupi.

Aphunzitsi aakulu a pasukulupo anali bambo wa magalasi okhuthala, wosaseka wamba. Anamumvetsera mpaka kumaliza.

"Mbiri yanu ndikuidziwa, mayi," anatero. "Makolo ena andiuza kale kuti ndisakuloleni. Bwalo ndikupatsani, koma geti ndizitsegula ndekha, ndipo ndizikhala pompo. Dzanja lanu likadzangokhudza munthu, kaya wamkulu kaya mwana, ana awa simudzawaonanso. Mwandimva?"

"Ndamva, bambo."

Kuyambira tsiku limenelo Nyundo sanadyenso bwino Lachisanu lililonse. Loweruka ndilo linali tsiku lokumana ndi ana pabwalo. Ankadziwa kuti chinthu chija sichinafe, chinangogona. Bwanji chikadzadzuka ana akuona? Ana amene tsopano ankamuthamangira akufuula kuti "a Kochi, a Kochi", ena n'kumamuuza zimene sankauza ngakhale amayi awo?

Tsiku limene ankaliopalo linafika pa masewero ndi timu ya sukulu ina. Anthu anadzaza mbali zonse za bwalo. Chigawo chomaliza, timu ya mapapaya inali patsogolo ndi chigoli chimodzi. Wamng'ono kwambiri mu timuyo, amene anzake ankamutcha Kadziwotche chifukwa cha kudumpha kwake, analumphira mpira n'kuwombana ndi mtsikana wa timu inayo. Winayo anagwa n'kusupuka bondo. Wezulo inalira.

Mayi ake a wogwayo, chimayi cha thupi lake, analowa m'bwalo akuthamanga. Sanafunse kanthu. Anamuwaza Kadziwotche mbama, phaa! mpaka kamwana kanazungulira.

Nyundo sanadziwe kuti wadutsa bwanji bwalo lonselo. Anangozindikira ali maso ndi maso ndi mayi uja. M'makutu munkalira, anthu onse ankaoneka ngati ali kutali. Wina pagulu anakuwa, "Eee, Nyundo wadzuka! Lero kufa munthu!" Mayi uja atamva dzinalo nkhope inagwa. Aphunzitsi aakulu anaimirira pampando wawo. Chibakera cha Nyundo chinali chitafika kale paphewa, ndipo iye ankachiona ngati cha munthu wina. Anachita mantha oopsa, chifukwa sankadziwa ngati chingamumvere.

"A Kochi."

Anali Kadziwotche. Tsaya litatupa, misozi ikuyenderera mpaka m'kamwa. Sankatha n'kuipukuta komwe, poti manja ake anali kumbuyo, atagwirana zolimba. Kumbuyo kwake atsikana onse asanu ndi mmodzi anaima chimodzimodzi.

"A Kochi, wezulo yalira. Manja."

Ndikukuuzani, kutsitsa dzanja limenelo kunali kolemera kuposa zaka zitatu za kundende. Linatsika pang'onopang'ono. Analipititsa kumsana, dzanja linalo n'kuligwira mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa m'khungu. Anapuma kamodzi. Kawiri. Kachitatu mpweya unatuluka ngati kulira.

"Mayi," anatero ndi mawu osasa, "mwamenya mwana, anthu onsewa akuona. Ine sindikukhudzani. Nkhaniyi mukaifotokoza kupolisi, ndipo ndikupita nanu ine ndemwe."

Ndipo anapitadi, atatenga woyimbira wa tsikulo ngati mboni, chifukwa kupinda manja sikutanthauza kuti mwana azimenyedwa anthu n'kungoyang'ana. Masewero anathera pomwepo, wopambana sanadziwike.

Pobwera kupolisi anapeza bwalo lili mbee, aphunzitsi aakulu okha ali chilili pageti. Chibakera chija bamboyu anachiona, anthu onse anachiona. Nyundo anayamba kuganiza mawu amene akawauze anawo powatsanzika.

"Bambo, ndikudziwa kuti dzanja ndinakweza," anatero.

"Ndinaona. Ndinaonanso kumene linathera." Anapisa m'thumba, n'kutulutsa kiyi wa pageti. "Tengani uyu. Loweruka ndimafuna ndizichapa malaya anga, osati kulondera munthu amene ali kale ndi alonda asanu ndi awiri."

Nyundo anakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira ngati kamwana, kiyi ali m'manja.

Lero bungwe lake lili ndi ana oposa mazana awiri, atsikana ndi anyamata omwe, ndipo ena mwa oyamba aja ndi amene akuphunzitsa anzawo. Musaganize kuti mantha anatha. Mukamufunsa amanena yekha kuti kutentha kuja kumabwerabe, ndipo tsiku lililonse kumene kwabwera amachita zimene amauza ana.

Tsono inu amene munalakwitsapo chachikulu, amene mumadziopa nokha kuposa mmene anthu amakuoperani, musadzitaye. Musadikire kuti mantha athe kaye, mwina sadzatha. Dzukani nawo choncho, mukaphunzitse wina chabwino chimene inuyo chimakuvutani. Tsiku limene mudzatsale pang'ono kugwa, yemweyo ndi amene adzakuitaneni.