Chala cha Kumanzere

Ine sukulu ndinalekezera giredi 4, ndiye pa mapepala onse a mlandu wa nyumba yathu ya ku Kabwata ndinkadinda chala chachikulu cha kumanja. Loya wanga, mayi wa ku bungwe lothandiza akazi amasiye, ndiye ankandiwerengera kaye ndisanadinde.

Amuna anga anaphedwa pa siteshoni m'tauni. Anyamata olimbirana mzere wa maminibasi anawatsitsa pa chiwongolero n'kuwamenya ndi zitsulo mpaka mutu unaphwanyika. Maliro asanathe n'komwe, mng'ono wawo, alamu anga, anasintha loko wa nyumba. Ine ndi ana awiri tinakakhala kwa akulu anga ku Chelstone, kumene ndinayamba kugulitsa kapenta pamsika.

Khoti lalikulu linagamula kuti nyumba ndi yanga ndi ana. Alamu anachita apilo, ndipo analoledwa kukhalabe m'nyumbamo mpaka apiloyo itatha. Patapita zaka ziwiri akulu a mpingo anatikhazika pansi, tinagwirizana kuti alamu atenge minibasi ya malemu amuna anga ndi kusiya apilo, ine nditenge nyumba. Ndinadinda chala, tinapemphera, ine n'kuyamba kumanga katundu tsiku lomwelo.

Loya anandiuza kuti ndimasule mitolo yangayo. Anati pepala lathu liyenera kufika kaye kwa oweruza a apilo kuti alivomereze, atulutse chilamulo chokhala ndi chidindo, chilamulocho chitsikire ku khoti loyamba. Pamenepo m'pamene munthu angatulutsidwe m'nyumba. Ndiye pepalalo linabwezedwa, chifukwa silinanene amene alipire ndalama zoyendetsera mlandu. Akulu a mpingo sanaziganizire zimenezo. Loya anati kawirikawiri wosiya apilo ndiye amalipira za mnzake, pokhapokha onse awiri atalemba kuti aliyense adzilipirire yekha.

Alamu atazimva anabwera kumsika Lachitatu masana, pepala m'dzanja, kabokosi ka inki m'thumba. Sanapereke moni.

"Mulamu, fakani chala apa. Mufuna nigulise minibasi nilipile loya wanu? Nyumba mwatenga, manje mufuna na chikumba changa?"

"Alamu, mukudziwa kuti sindiwerenga. Tiyeni kwa loya akandiwerengere, ndikadinda komweko."

Anakankha tebulo ndi mwendo, kapenta yense m'matope. Khofi loyamba linandigwetsa pansi. Anandiponda ndi bondo pachifuwa, nagwira dzanja langa kuti aliike pa inki. Ndinakunga chibakera. Sindinkadziwa zimene zinali papepalapo. Mwina zinali za ndalama zokha, mwina ndinali kubweza nyumba. Anandimenya pakamwa kawiri, dzino n'kuthyoka, koma sindinatambasule. Kenako anagwira chala chachikulu chija n'kuchipindira kumbuyo. Ndinachimva chikulira ngati nkhuni youma.

Amayi ogulitsa kabichi pafupi nane ndiwo anayamba kumenya alamuwo, ndi mpando wawo wathabwa, pakati pa msana. Ena anabwera ndi zidebe, wina ndi chitsulo cha sikelo. Khutu la alamu linang'ambika, magazi anadontha papepala lawo lomwe lija. Apolisi akanachedwa, kukanakhala maliro ena m'banja limodzi.

Kuchipatala anandimanga pulasitala mpaka m'chigongono. Loya anabwera kudzandiona atatenga pepala lija, lomwe amayi a kabichi anatola. Anandiwerengera. Linali la ndalama zokha: aliyense adzilipirire yekha. Anandiuza mosabisa kuti tikapempha oweruza kuti alamu alipire zonse tikhoza kupambana, koma oweruza ayenera kumva mbali zonse ziwiri, ndipo miyezi yonseyo chilamulo sichituluka, banja la alamu likhalabe m'nyumba. Ndikavomera, gawo langa ndidzalipira ndekha pang'onopang'ono, koma pepala liyenda.

Akulu anga anati ndisavomere, munthu wandithyola chala asapeze chomwe anadzera. Ndinaganiza za ana anga ogona pansi pa tebulo m'nyumba ya eni. Ndinauza loya alembe latsopano, loyera, andiwerengere kawiri. Ndinadinda ndi chala cha kumanzere, muofesi mwake, nditakhala pampando.

Akazi a alamu anabwera kudzagwada kuti ndikathetsenso mlandu wa kupolisi, poti tsopano tagwirizana. Ndinawauza kuti loya anandiwerengera pepala lonse, ndipo za chala changa mulibemo.

Chilamulo chinatuluka patapita milungu isanu, chidindo chofiira pansi pake. Anthu a khoti anapita nacho ku Kabwata, ine pambuyo. Tinapeza zitseko zam'kati atazula, sinki ataswa ndi hamala, waya wa magetsi atasolola m'khoma. Ana analowa n'kuyamba kukangana za chipinda. Ine ndinatuma munthu akagule loko watsopano. Chala chija sichipinda mpaka lero, kiyi ndimatembenuza ndi kumanzere.