Khadi la Amayi

Aliyense ankawatchula kuti Adalaiva, ngakhale panali patapita zaka chisiyireni chiwongolero. Moyo wawo wonse anayendetsa basi ya maulendo ataliatali. Msana wawo unapindika mmene mpando wa basi unaupindira, ndipo akakhala pa mpando wina uliwonse, phazi lakumanzere linkafufuzabe kilatchi pansi. Sanali munthu wa mawu ambiri. Kuntchito ankawalankhulira kondakitala, kunyumba ankawalankhulira akazi awo.

Amayiwo ankasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde, ndipo ankakonda mabuku mmene ena amakondera fodya. Amuna awo akakhala pamsewu, iwo ankatsala ndi makina osokera ndi buku la ku laibulale. Adalaiva akafika ankauzidwa nkhani yonse ya m'bukumo, wakwatira ndani, wanamiza mnzake ndani, iwo akungopemerera tiyi n'kumati "eee".

"Inu kuwerenga kwanu ndi zikwangwani za pamsewu basi," amayi ankawaseka.

"Nanga ndinasocherapo?" ankayankha choncho Adalaiva.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi. Anakwatiwa kutali, kotsidya kwa malire, ndipo ankaimba foni ali pachangu, ana akumukoka diresi.

Adalaiva atapuma ntchito, mawondo a amayi anali atayamba kukana masitepe, choncho ulendo wa ku laibulale unagwera iwo. Laibulaleyo inali m'chipinda chapamwamba cha nyumba yakale, pakati pa positi ofesi ndi shopu ya nsapato. M'katimo munkanunkhira polishi ndi mapepala akale. Makompyuta anawandandalika cha kumawindo, ndipo pakona panali makina osindikizira amene nthawi zina ankatafuna pepala n'kungoti zii. Pakauntala pankakhala mayi wina wa mandala okhuthala, wa msinkhu wa mwana wawo. Iyeyu ankawadziwa bwino amayi, kuti nkhani za nkhondo sazifuna, ndiponso buku la zilembo zing'onozing'ono amalibweza osalitsegula. Adalaiva ankangopereka khadi la akazi awo, mayiyo n'kusankha buku, n'kudinda deti lobwezera.

Ndi mayi yemweyo amene anawaphunzitsa kompyuta. Mwana uja ankatumiza zithunzi za adzukulu pa imelo, ndipo foni ya Adalaiva inali yamabatani, yosaonetsa kanthu. Tsiku loyamba anagwira mausi ndi manja onse awiri.

"Dzanja limodzi, bambo. Si basi iyi," anatero mayiyo.

"Ndiye ikungothawa bwanji?"

"Mukuipanikiza kwambiri. Ingoiperekezani."

Anaphunzira. Ankalembetsa nthawi yawo pakauntala, n'kukhala pa kompyuta ya kumapeto, chipewa chili pabondo. Akapeza chithunzi chabwino ankachisindikiza, n'kuchilowetsa pakati pa buku kuti chisapindike, ulendo wa kunyumba kukaonetsa amayi.

Amayi anamwalira m'nyengo yozizira, atadwala kanthawi kochepa. Mwana anabwera, analira, anakonza m'nyumba, anapempha bambo ake kuti apite nawo. Iwo anakana, akuti nyumba siisiyidwa yokha. Mwana atabwerera, Adalaiva anaphimba makina osokera ndi nsalu. M'mawa ankatsuka kapu imodzi ndi supuni imodzi. Wailesi ankaitsegula, koma osamva zimene ikunena.

Tsiku lina akusesa kuchipinda anapeza buku la ku laibulale litagwera kuseri kwa bedi. Pakati pake panali kansanza kabuluu, kotsala pa yunifomu, posonyeza pamene amayi analekezera. Deti lobwezera linali litadutsa kalekale. Anavala jekete, natenga bukulo ndi khadi, ali ndi maganizo okabweza zonse ndi kukanena zomwe zinachitika. M'njira monse ankayeseza mawu ake.

Atakwera masitepe, mayi wa pakauntala anatukula mutu n'kumwetulira.

"Mwasowatu bambo. Ndimati mwina mwatinyanyala. Amayi ali bwanji?"

Kwa milungu yonseyo aliyense wokumana nawo ankatsitsa mawu n'kupendeka mutu. Kumsika, kutchalitchi, ngakhale kwa ometa tsitsi, kunali "pepani" yekhayekha. Apa munthu anafunsa za akazi awo ndi nkhope yowala, ngati kuti amayiwo ali pakhonde akupondaponda makina.

"Aliko," anatero Adalaiva. "Mawondo omwe aja."

"Bukuli amaliza?"

Anayang'ana kansanza kabuluu kaja. "Ayi. Akuti muwawonjezereko masiku."

Mayiyo anadinda deti latsopano. "Mukawapatse moni. Mukawauze kuti kumapetoko ndiye kuli nkhani."

Adalaiva anatsika masitepe mofulumira ngati aba kanthu. Atafika kunyumba anatsegula chitseko, naima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Akuti moni," anatero, akuuza chipinda chopanda munthu.

Anadziuza kuti ulendo wotsatira akanena zoona. Ulendo wotsatirawo utafika, mayi uja anali atasunga kale buku lina pansi pa kauntala. "Ili langobwera kumene. Nditangoliona ndinati ili ndi la amayi." Ndiye munthu akanayambira pati? Analandira.

Vuto linali lakuti mayiyo ankafunsa. Buku lija analiona bwanji amayi? Mtsikana wa m'nkhani uja anachita bwino kuthawa panyumba? Poyamba Adalaiva ankangoti "akuti linali bwino", koma anaona kuti yankholo silikumukwanira wofunsayo, poti amayi sanali munthu wonena kuti buku linali bwino n'kuthera pomwepo. Choncho anayamba kuwerenga. Ankatulutsa mpando pakhonde dzuwa likatentha, navala magalasi a akazi awo, amene ankawathina m'makutu, n'kumatsata mzere ndi chala, milomo ikugwedera. Tsamba limodzi linkawatengera nthawi yoti basi n'kufika tauni ina. Mayina a anthu a m'nkhani ankawasokoneza, moti ankabwerera m'mbuyo kukafufuza kuti uyu ndi mlamu wa ndani. Akafika pamalo poipa ankadzifunsa kuti amayi akanati chiyani pamenepa, ndipo mawu a amayiwo ankabwera okha, ndi kaphwete kawo komwe.

"Akuti mwamuna wa m'bukumu ndi waulesi," anakanena tsiku lina pakauntala. "Akuti akanakhala wawo akanamupatsa tsache."

Mayi wa mandala anaseka mpaka anagwira pakamwa, poti m'laibulale saseka mokweza. "Amayi amenewa! Ndawasowa bwanji. Tsiku lina mudzabwere nawo, tidzawanyamula pamasitepepa."

"Tidzaona," anatero Adalaiva.

Miyezi inapita choncho. Tsiku la ku laibulale ankadzuka msanga, kusita malaya, kupukuta nsapato. Pa kompyuta ankaona adzukulu akukula: wamkulu wagula njinga, wamng'ono wathyoka dzino lakutsogolo. Ankasindikizabe zithunzi, ngakhale kunalibe wokamuonetsa, n'kukazisanja pamwamba pa nsalu yophimba makina. Masiku ena onse anali ofanana. Pankadutsa tsiku lathunthu osatulutsa mawu, kupatula kutsokomola.

Zinaululika tsiku wamba, masana. Adalaiva anali pakauntala akubweza buku, ndipo kumbuyo kwawo kunaima mayi wina wonenepa, amene kale ankakhala nawo mpanda umodzi asanasamukire dera lina. Anabwera kudzasindikiza mapepala a mwana wake ofunsira ntchito. Atawazindikira anaika chikwama pansi n'kuwagwira dzanja ndi manja ake onse.

"Adalaiva, ndinu? Pepanitu bambo, pepani kwambiri. Ndinamva mochedwa, maliro atapita kale. Mnzanga uja kutisiya chonchi. Ndiye mukukhala bwanji nokhanokha m'nyumba muja? Amakuphikirani ndani?"

Ankalankhula mokweza, monga mwa chibadwa chake. Anthu a pamakompyuta anatembenuka. Mayi wa pakauntala anali atanyamula chidindo, ndipo dzanja lake linangoima m'mwamba. Anayang'ana mayi wonenepayo, kenako Adalaiva, kenako khadi limene linali pakauntala. Maso ake kuseri kwa mandala anali aakulu.

"Zikomo, mayi," anatero Adalaiva. "Tikuyesetsa."

Anatola khadi, navala chipewa m'kati momwemo, chinthu chimene sankachita, natuluka. Pamasitepe anamva wina akuitana "bambo", koma sanacheuke.

Sanapitekonso kwa nthawi yaitali. Manyazi ankawagwira akangokumbukira moni yense uja amene ananyamula, ndi kuseka kwa mayi uja pa mawu a munthu amene anali kale m'manda. Ankaganiza kuti awatenga ngati wamisala, kapena ngati wakuba wobwereka mabuku m'dzina la wakufa. Akafuna kupita ku positi ofesi ankazungulira njira ya kuseri. Kunyumba kunatsala buku limodzi la ku laibulale. Analimaliza, nalibwereza, ndipo ulendo wachiwiriwo anapeza kuti sakufunsanso zimene amayi akananena. Ankangofuna kumva nkhaniyo.

Mwana wawo anaimba foni. "Ababa, zithunzi za tsiku lobadwa la mdzukulu wanu mwaziona?"

"Sindinapite kutauni."

"Mukudwala?"

"Ayi, ndili bwino."

"Mawu anuwo sakumveka bwino. Mukudya koma?"

"Ndikudya."

Kumbuyo kwake mwana analira, foni n'kuduka.

Buku la eni silikhala m'nyumba mpaka kalekale. Mvula itayamba, Adalaiva analikulunga m'pepala lapulasitiki, nalowera kutauni. Anaima pansi pa masitepe kanthawi, akuonerera wogulitsa nsapato akulowetsa katundu wake kuthawa madontho. Kenako anakwera, akupuma pa sitepe iliyonse. Mawu anali atawakonza: apepese kaye, kenako afotokoze kuti sankafuna kunamiza munthu, kungoti pakauntala paja ndi pokhapo pamene akazi awo anali akadali moyo.

Pakauntala anapezapo bambo wina wadazi, wa tayi yofiira, akumata nambala pamisana ya mabuku.

"Tikuthandizeni, akulu?"

"Mayi aja a mandala alipo?"

"Anawasamutsa. Ali ku laibulale ya tauni ina tsopano, mwezi watha uwu." Anatchula dzina la tauniyo. Adalaiva ankaidziwa bwino. Anayendetsa basi pamsewu umenewo zaka zambiri, ankadziwa pokhota paliponse ndi mlatho uliwonse. Anangogwedeza mutu.

Anamasula pepala lija, naika buku pakauntala, ndi khadi pamwamba pake.

"Mwini wa khadili anamwalira," anatero. "Anali mkazi wanga."

Kanali koyamba kunena mawu amenewa ndi pakamwa pawo. Nthawi yonseyi anthu ena ndiwo ankawanenera.

"Pepani, akulu," anatero bambo wa tayi. Anasiya zomata zija, natembenuzira nkhope ku kompyuta yake. Anadina apa ndi apo. Adalaiva, ataweramira pakauntala, anaona dzina la akazi awo pa sikirini, kenako panabwera kabokosi kofunsa, bamboyo anadina, dzina lija n'kuchoka. Khadi analiponya m'kabati.

"Inuyo muli nalo lanu?"

"Ayi."

"Tikupangireni? Sizichedwa. Chitupa muli nacho?"

Anapereka laisensi yawo yakale. Bamboyo anawauza kuti aime kukhoma, avule chipewa, ayang'ane kakamera. Posakhalitsa anawapatsa khadi latsopano, likadali lofunda. Pachithunzipo panali nkhalamba yotsinzina diso limodzi.

"Mabuku mudzisankhira nokha, mashelefu ndi awo," anatero bamboyo, n'kubwerera ku ntchito yake.

Adalaiva anali asanalowepo pakati pa mashelefu. Anayenda pang'onopang'ono, mutu utapendekera kumbali kuti awerenge misana ya mabuku. Anali ochuluka kuposa mmene ankaganizira, ndipo panalibe wowauza kuti labwino ndi liti. Anasolola lina, nalibwezera. Pomaliza anatenga la chikuto chobiriwira chifukwa zilembo zake zinali zazikulu.

Kompyuta ya kumapeto inali ndi munthu, choncho anawapatsa yapakati, pakati pa mtsikana wa zomvera m'makutu ndi bambo wina amene ankawodzera. Zithunzi zinali zitaunjikana. Anaziona chimodzichimodzi: keke, makandulo, mdzukulu atadzipaka zonona pamphuno. Pansi pa chithunzi chomaliza mwana wawo analemba kuti, "Ababa, muziyankhako."

Iwo ankangodziwa kuona ndi kusindikiza. Anafufuza pa sikirini mpaka anapeza poyankhira. Kenako anayamba kusaka zilembo ndi chala chimodzi, poti wozisanja anazimwaza mopanda dongosolo. Analemba kuti, "Mwanawe, ndine bambo ako." Anapuma. Anawonjeza kuti mvula yayamba, ndipo denga la kukhitchini likudontha. Anafufuta za dengazo, poopa kumudetsa nkhawa. Analemba kuti akuwerenga mabuku masiku ano. Anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba, akuganiza mmene angalembere kuti m'nyumba muja mwakula kwambiri.

Pa sikirini panatuluka chenjezo lakuti nthawi yawo yatsala pang'ono. Sanadziwe podina kuti uthenga upite, ndipo bambo wa tayi anali kalikiliki ndi makina osindikizira amene anali atatafunanso pepala. Adalaiva sanafune kuvutitsa munthu. Sikirini inathima, n'kubwerera poyambira. Kumbuyo kwawo kunali kutaima kale mayi wina ndi mapepala ake, akudikira mpando.

Ananyamuka, namukokera mpandowo. Pakauntala anafunsa ngati mawa m'mawa pali malo pa kompyuta, ndipo bamboyo anati alipo. Atadinditsa buku lobiriwira, analibisa m'kati mwa jekete kuopa mvula, natsika masitepe atagwira chitsulo cha m'mbali. Panja mvula inali isanakate, ndipo anaima pakhonde la positi ofesi pamodzi ndi anthu ena osawadziwa, kudikira kuti ichepe.