Ziro ya pa Nayuchi

Ndinanyamuka pa Balaka 6 koloko m'mawa, nditanyamula kalata ndi makatoni atatu opanda kanthu. Kalatayo inkalamula kuti makompyuta atatu a mulaibulale ya pa Nayuchi achotsedwe, apite kumene kuli anthu owerenga.

Bungwe limene ndimagwirako ntchito limalipirira malaibulale akumidzi mabuku a pa intaneti. Tili ndi pulogalamu yowerengera anthu otsegula mabukuwo. Imaonetsa buku limene latsegulidwa, kangati, ndiponso dera limene wowerengayo ali. Mabwana amaikonda chifukwa siipempha alawansi. Kwa miyezi ingapo pulogalamuyi inkanena chimodzimodzi za Nayuchi: ziro. Koma inatipukuta misozi ndi nkhani ina, yoti tili ndi owerenga ambiri ku Mozambique. Abwana anga anazilemba pachikuto penipeni pa lipoti, ndipo kumsonkhano anthu anaomba m'manja poti mbiri yathu yadumpha malire.

Minibasi ya ku Liwonde inandidya K4,000, makatoni anakwera ulere pamiyendo panga. Kondakitala anatiwerenga, anapeza kuti taposa mipando ndi anthu anayi, n'kulengeza kuti patsala malo a anthu awiri. Ndinaona kuti nayenso ali ndi pulogalamu yake.

Pa Liwonde ndinafika cha m'ma 7. Sitima ya ku Nayuchi siyenda tsiku lililonse, ndipo tsiku langa silinali lake. Ndinagula mandasi awiri, n'kukwera kagalimoto kamene kanatitsitsa pa Nsanama 10 koloko itangokwana. Pamenepo, pakati pa matumba a nandolo ndi utsi wa chiwaya cha tchipisi, ndinapangana ndi Che Jafali, wakabaza wa njinga yamoto.

"Makatoni opanda kanthuwa, achimwene, mukukagula nsomba za ku Chiuta?" anafunsa akumanga katundu.

"Ndikukatenga makompyuta a kulaibulale. Akuti kulibe owerenga."

"Iyayi! Wanena ndani? Ine kuti ndipeze mpando kumeneko ndimachita kulembetsa dzulo lake."

"Anena ndi makina."

"Makinawo anafikako liti ku Nayuchi?"

Fumbi linandithandiza kutseka pakamwa. Tikuyandikira njanji, dzuwa lili paliwombo, foni yanga inalira. Unali uthenga wa Chipwitikizi wondilandira ku Mozambique.

"Musadandaule," anatero Che Jafali. "Inu simunawoloke. Yawoloka ndi foniyo."

Laibulaleyo ndi chipinda chimodzi kuseri kwa sukulu. Panja panali njinga zakapalasa zisanu ndi ziwiri. M'kati makompyuta onse atatu anali ndi anthu, ena akudikira pabenchi. Amayi awiri ankakangana motsitsa mawu za kasungidwe ka nandolo, ndipo bambo wina wa imvi, amene ndinamva akutchulidwa kuti a Muhiwa, ankalondola ndi chala nkhani ya mbozi za m'chimanga.

Woyang'anira laibulale, mayi Namaona, mphunzitsi wopuma, anawerenga kalata yanga kawiri. Kenako anavula magalasi.

"Ndiye awa mukuwaonawa ndi mizukwa?"

"Amayi, atiuze bwinobwino," anatero a Muhiwa osacheuka. "Ngati tinamwalira, tikauze abale."

Ndinatsegula laputopu yanga kuti ndiwaonetse umboni, poti ine ndinaphunzira ntchito kunyuzipepala ndipo ndimakhulupirira zolembedwa. Ndinawapempha mayiwo kuti atsegule buku limodzi ine ndikuyang'ana. Anatsegula. Tinadikira. Nayuchi inakhalabe pa ziro, koma chiwerengero cha ku Mozambique chinakwera ndi munthu mmodzi. Anatsegula lina. Mozambique inakweranso.

"Intaneti yanu imachokera kuti, mayi?"

Analoza kachipangizo kopachikidwa pamsomali, pazenera loyang'ana kum'mawa. Netiweki ya kwathu kuno, anatero, imagwira pamwamba pa chulu chokha, kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Iwo sakanatha kukweza makompyuta atatu pachulu. Ndiye anaikamo simukhadi ya kutsidya kwa malire, imene imagwira ngakhale munthu atagona pansi. Pulogalamu yathu imadziwa kumene munthu ali poona netiweki imene walowera. Aliyense wokhala pabenchi ija inkamutumiza kunja kwa dziko, wopanda pasipoti.

A Muhiwa anaseka mpaka kutsokomola. "Agogo anga anachoka ku Mozambique wapansi, mapazi mpaka kutupa. Inu mwatibwezako tili chikhalire!"

2 koloko inandipeza pamwamba pa chulu chija, ndikuimbira abwana. Ndinafotokoza zonse mwandondomeko.

"Ndiye owerenga athu a kunja aja?" anafunsa.

"Ndikuwaona pompano, bwana. Mmodzi akudya chinangwa."

"Sizingatheke kuwawerenga mbali zonse ziwiri?"

"Benchi ndi imodzi, bwana."

Anapumira m'mwamba. Kenako anati makompyutawo ndiwasiye pamene ali, koma za chikuto cha lipoti ndisauze munthu kaye. Mayi Namaona anali ataima m'munsi mwa chulu, manja kumbuyo, ngati kuti akudikira zotsatira za mayeso. Ndinatsika n'kuwauza kuti makompyuta sachoka. Anapinda kalata ija n'kuitsekera pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera, n'kuitana wotsatira pamzere.

Pobwerera, katoni imodzi ndinadzaza usipa wouma ndi mpunga. Che Jafali anaiyang'ana, n'kugwedeza mutu. "Ndinanena ine kuti makatoniwa ndi a nsomba."

Ndinafika pa Balaka dzuwa likulowa, nsidze zili mbuu. Pulogalamu ija sinadumphe munthu ngakhale mmodzi, onse inawawerenga. Chimene sinathe ndi kukwera njinga ya Che Jafali kukaona kumene akhala. Lolemba lotsatira ndinakonza lipoti: mbiri yathu ya kunja inatha yonse, ndipo Nayuchi inakhala pamwamba pa malaibulale athu onse. Palibe anaomba m'manja.